Olvera ndi njira ya njinga ya Vía Verde de la Sierra: mafunso ndi mayankho

Olvera ndi tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Cádiz, ku Andalucía, kummwera kwa dziko la Spain. Alendo ambiri amene amafika kuderali nthawi yawo imathera ku Sevilla, ku Ronda ndi kugombe la Málaga, ndipo Olvera amangoionera pawindo la galimoto: nyumba zoyera mbee zitaunjikana paphiri, tchalitchi chachikulu ndi linga lakale zili pansonga. Mayankho ali m'munsiwa ndi a munthu amene akufuna kutsika m'galimotomo, kugona masiku angapo ndi kupalasa njinga.

Kodi Olvera ili pati, ndipo ndi yaikulu bwanji?

Ili kumpoto chakum'mawa kwa chigawo cha Cádiz, pomwe chigawochi chimachita malire ndi cha Sevilla komanso cha Málaga. Mumakhala anthu pafupifupi 8,000, ndipo tauniyi inamangidwa pamtunda wa mamita oposa 600 kuchokera pamlingo wa nyanja. Ndi imodzi mwa midzi yomwe eni dziko amaitchula kuti pueblos blancos chifukwa makoma ake amapakidwa njereza. Mukaima pamwamba n'kumwaza maso, mbali zonse mumaona minda ya maolivi ili m'mizere mpaka kumapiri. Anthu akuno amadalira mafuta a maolivi, ziweto ndi alendo. Boma linaika chigawo chakale cha tauniyi m'gulu la malo otetezedwa chifukwa cha mbiri yake mu 1983.

Ndingafikeko bwanji?

Mabwalo a ndege a Sevilla, Málaga ndi Jerez onse ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 100, ulendo wa ola limodzi ndi theka pagalimoto. Msewu wa A-384 umadutsa m'munsi mwa tauniyi. Mabasi alipo koma ndi ochepa, makamaka Loweruka ndi Lamlungu, choncho muonetu nthawi yake musananyamuke. Sitima yapamtunda sifika ku Olvera, ngakhale kuti siteshoni ilipo, yomangidwa bwino ndithu. Chifukwa chake chili m'funso lotsatirali.

Vía Verde de la Sierra n'chiyani?

Ndi njira ya makilomita 36 yochoka ku Olvera kukafika ku Puerto Serrano, yosungidwira apanjinga, oyenda pansi ndi okwera mahatchi. Inalambulidwa kuti pakhale njanji, koma sitima sinadutsepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Nkhani yake ili motere. M'zaka za m'ma 1920, dziko la Spain likulamulidwa ndi mkulu wa asilikali Miguel Primo de Rivera, yemwe kwawo kunali ku Jerez, boma linayamba kumanga njanji yochoka ku Jerez kukalumikizana ndi njanji ina ku Almargen. Alimi a m'mapiri anali atailira kwa zaka zambiri kuti azipeza potulutsira zokolola zawo, ndipo asilikali nawo ankafuna njira yolumikiza madoko awo a Cádiz ndi Cartagena. Anthu anagwira ntchito yakalavulagaga. Anaboola mapiri, anamanga milatho italiitali pamwamba pa zigwa, anamanga masiteshoni mpaka kufolera. Kenako Primo de Rivera anatula pansi udindo mu 1930, ndalama zinavuta, nkhondo yapachiweniweni ya 1936 mpaka 1939 inabwera, ndipo ntchito inaima. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 lipoti la World Bank linalangiza Spain kuti ileke kumanga njanji zatsopano, ndipo kwa chigawo cha m'mapirichi amenewo anali mapeto. M'mapirimu zitsulo za njanji sizinayalidwe n'komwe.

Mu 1993 dziko la Spain linayamba ntchito yosandutsa njanji zosiyidwa kukhala njira za njinga, zomwe amazitcha Vías Verdes. Ya ku Olvera imasamalidwa ndi bungwe la Fundación Vía Verde de la Sierra, lomwe linakhazikitsidwa mu 2000 ndi makhonsolo a zigawo za Cádiz ndi Sevilla pamodzi ndi matauni omwe njirayi imadutsamo. Pamakilomita 36 amenewa pali mapanga 30 oboola phiri, milatho ikuluikulu inayi ndi masiteshoni asanu: Olvera, Navalagrulla, Zaframagón, Coripe ndi Puerto Serrano.

Mbiriyi ndi yofunika kwa wapanjinga pa chifukwa chimodzi chachikulu. Sitima siitha kukwera chitunda chonyanya, ndiye amisiri akale aja anakakamizika kusalaza njira pakati pa dziko lamapiri okhaokha. Pomwe phiri latchinga anaboola, pomwe chigwa chatseguka anaika mlatho. Thukuta lawo ndi lomwe likuchititsa kuti lero agogo ndi mdzukulu wawo azitha kupalasa limodzi m'malo omwe msewu wamba ukanawafoola pa ola loyamba. Ine ndimaona kuti n'chinthu choyenera kukumbukira polowa m'phanga lililonse, kuti munali anthu ndi mapiki awo amene sanaone phindu la ntchito yawo.

Kodi munthu wosazolowera njinga angakwanitse? Nanga ndiyambire mbali iti?

Angakwanitse, bola adziwe mmene njirayi inakhalira. Mbali ya Olvera ndi yokwera, ya Puerto Serrano ndi yotsika. Mukanyamukira ku Olvera, njinga imangoyenda yokha kwa mtunda wautali, mwendo wongothandizira. Msampha wake uli pomwepo: munthu amakomedwa, n'kupita kutali, kuiwala kuti pobwerera ndi chikweza. Sichikweza choopsa ayi, koma ndi chosatha, ndipo chimakupezani mutatopa kale, dzuwa lili paliwombo.

Pali njira zitatu. Yoyamba, kupita ku Zaframagón n'kubwerera, makilomita 30 kapena kuposerapo pang'ono onse pamodzi. Kwa anthu ambiri umenewu ndiye ulendo woyenera. Yachiwiri, kutsika mpaka ku Puerto Serrano n'kupangana ndi obwereketsa njinga kapena wa takisi kuti adzakutengeni kumeneko pamodzi ndi njinga zanu. Zimenezi muzikonzeretu dzulo lake, osati mutafika kale. Yachitatu, kupita ndi kubwerera njira yonse, makilomita 72, ndipo imeneyi ndi ya anthu amene chishalo anachizolowera.

Chinthu china chimene ambiri sauzidwa n'chakuti siteshoni ya Olvera ili m'munsi mwa phiri, pomwe tauni ili pamwamba. Kuchoka pasiteshoni kukafika pakati pa tauni ndi chitunda chenicheni, choposa chilichonse chomwe mwakumana nacho tsiku lonselo. Ngati muli ndi galimoto, isiyeni pasiteshoni. Ngati mulibe, kutsika n'kumakankha njinga si chamanyazi.

Njirayi malo ena ndi yatala, malo ena ndi yadothi lotsenderedwa ndi timiyala. Njinga ya matayala okulirapo imayendamo bwino kuposa ya mpikisano ya matayala opyapyala.

Mapangawo ndi amdima? Ndi oopsa?

Ambiri ndi aafupi, moti mukamalowa mumaona kale kuwala kwa kotulukira. Aataliwo ali ndi magetsi, koma magetsi amathima nthawi zina, choncho tochi kapena nyali ya njinga isasowe. Lalitali kwambiri ndi Túnel del Castillo, mamita 990, pakati pa Coripe ndi Puerto Serrano.

Kulowa m'phanga lalitali masana otentha kumakhala chonchi: kamphepo kozizira kamayamba kukuwombani m'miyendo musanafike pakhomo pake, kenako maso amachita chidima kwa kanthawi, phokoso la matayala limakula, madontho a madzi akugwa kuchokera kudenga, thukuta la pamsana n'kuzizira zii. Vulani magalasi adzuwa musanalowe, chepetsani liwiro, gwirani kudzanja lamanja, ndipo musaime pakati kuti mujambule chithunzi popanda kuyang'ana kumbuyo. Ana auzeni zimenezi musananyamuke, chifukwa mwana akachita mantha mumdima amangomanga mabuleki mwadzidzidzi.

Anthu amakamba za miimba ya ku Zaframagón. Kodi n'zoyeneradi kupitira?

Inde, ndipo mukafunsa ine, chimenechi ndiye chifukwa chachikulu chokwerera njinga kuno. Peñón de Zaframagón ndi thanthwe lalikulu la mwala wa laimu, lotalika mamita 584 kuchokera pamlingo wa nyanja, lomwe mtsinje wa Guadalporcún unalidula n'kupanga mpata wopapatiza. Ndi malo otetezedwa kuyambira mu 1989. M'mapanga ndi m'ming'alu ya thanthweli mumaswana miimba ya mtundu womwe Asipanishi amautcha buitre leonado, mabanja oposa 200, ndipo ndi limodzi mwa magulu aakulu kwambiri ku Ulaya.

Mbalameyi ikatambasula mapiko imaposa mamita awiri ndi theka, ndipo ndi yolemera moti kuuluka mokupiza kumaitopetsa msanga. Ndiye imadikira. M'mamawa miimba imangokhala pathanthwe, khosi lili m'mapewa, ndipo ngati simukudziwa poyang'ana mutha kudutsa osaona ndi umodzi womwe. Yang'anani mikwingwirima yoyera ya zitosi pakhoma la mwalalo. Pamwamba pa mkwingwirima uliwonse pali pokhalira. Dzuwa likatenthetsa mwala, mpweya wofunda umayamba kukwera, ndipo muimba umodzi umadziponya m'malere, wachiwiri n'kutsatira. Pakangopita mphindi zochepa thambo lonse ladzaza mbalame zikuzungulira mokwera, osakupiza phiko. Mukaima pamlatho wa Zaframagón, ina imadutsa pafupi moti mumaona nthenga za kunsonga kwa mapiko zitatambasuka ngati zala, mutu woyera ukutembenukira uku ndi uku.

N'chifukwa chake nthawi yofikira ndi yofunika. Musathamangire kufika mbandakucha, ndipo musafike madzulo. Nyamukani ku Olvera mutadya kadzutsa, mupalase mosafulumira, mukafike chakumasana dzuwa litayamba kutentha, ndipo mukakhalepo ola lathunthu. Anthu ambiri amangoima mphindi zisanu, kujambula, n'kumapita. Amenewo ataya chinthu chomwe anabwerera.

M'siteshoni yakale ya Zaframagón muli malo ophunzirirapo za mbalamezi, momwe muli makina oonetsa zithunzi zochokera ku makamera oloza kuzisa. Muimba umaikira dzira limodzi lokha pachaka, m'nyengo yozizira ya Januwale kapena Febuluwale, ndipo make ndi bambo ake amasinthana kulifungatira kwa masiku oposa 50. Mwanapiye amakhala pachisa mpaka m'chilimwe. Amene afika pakati pa Malichi ndi Juni amatha kuona pagalasi makolo akudyetsa mwana. Malowa satsegula tsiku lililonse, choncho funsani kaye.

Kwathu muimba sukondedwa, ndipo m'mayiko ambiri a mu Africa miimba ikutha chifukwa cha poizoni wothiridwa m'nyama zakufa. Ku Spain ndi kumene kuli miimba yambiri ya mtundu umenewu ku Ulaya konse, pafupifupi 9 mwa 10 iliyonse. Muimba supha chiweto chamoyo chathanzi. Ntchito yake ndi kuchotsa zakufa zisanawole n'kufalitsa matenda. Ina yaing'ono yobadwira m'mapiri a Spain imawoloka nyanja pa Gibraltar chakumapeto kwa chaka n'kukakhala kumadzulo kwa Africa isanabwerere kwawo kudzaswana. Kuteteza mbalame yotere si ntchito ya dziko limodzi.

Ndikapitirira Zaframagón ndikaona chiyani?

Makilomita ochepa kutsogolo kuli siteshoni ya Coripe, komwe mungapeze chakudya ndi madzi, komanso mlatho wautali kwambiri panjira yonseyi. Pafupi pomwepo pali kanjira kopatukira ku Chaparro de la Vega, mtengo waukulu wa mtundu wa encina, wa zaka mazanamazana, wotalika mamita 13, womwe nthambi zake zinatambalala mamita pafupifupi 28. Boma la Andalucía linauika m'gulu la zinthu zachilengedwe zotetezedwa, ndipo anthu a ku Coripe amachitira pansi pake chikondwerero chawo cha Namwali wa ku Fátima m'mwezi wa Meyi. Ndi malo abwino odyerapo kamba wanu. Kupitirira apo kuli Junta de los Ríos, pomwe Guadalporcún imathira mu mtsinje wa Guadalete, kenako dziko limayamba kutseguka mpaka ku Puerto Serrano. Kunena zoona, chigawo chokoma kwambiri ndi cha pakati pa Navalagrulla ndi Coripe.

Njinga ndingaipeze kuti, ndipo ndiyang'ane chiyani ndisanaitenge?

Kumasiteshoni a kumapeto onse awiri a njirayi kuli obwereketsa njinga, kuphatikizapo zamagetsi, za ana ndi zokhala ndi mpando wa mwana kumbuyo. Loweruka, Lamlungu ndi masiku atchuthi zimatha msanga, ndiye sungitsanitu. Muwapemphe pampu, chubu chapadera ndi zitsulo zovulira tayala, chifukwa kuphwetsa tayala pakati pa Navalagrulla ndi Zaframagón ndiye kuti muyenda pansi mtunda wautali. Kwezani chishalo kufika poti mwendo uziwongoka pafupifupi wonse pedulo ikakhala pansi.

Mabuleki muwayese muli chiimire. Njinga zambiri za ku Spain buleki ya kutsogolo ili kudzanja lamanzere, pomwe za ku Britain ndi zambiri zomwe tinakulira ili kumanja. Kufinya mwamphamvu buleki ya kutsogolo mukuganiza kuti ndi ya kumbuyo, muli pamatsitso a timiyala, mapeto ake ndi kugwa chamutu.

Ku Spain magalimoto amayenda kudzanja lamanja. Kwa ife ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, South Africa kapena Britain, thupi linazolowera kumanzere, ndipo limabwerera komweko munthu akatopa kapena akamatuluka pamphambano. Lamulo limati wapanjinga avale helemeti m'misewu ya kunja kwa tauni, ndipo ana osakwana zaka 16 avale paliponse. Woyendetsa galimoto amayenera kusiya mpata wa mita imodzi ndi theka podutsa njinga, ndipo ambiri amatsatiradi.

Ndi miyezi iti yabwino?

Malichi mpaka Meyi ndiye pachimake: kunja kuli kobiriwira, maluwa akuthengo ali mbwee m'mbali mwa njira, mitsinje ili ndi madzi, miimba ili ndi ana. Okutobala ndi Novembala nayonso ndi yabwino, ndipo chakumapeto kwake mumapeza anthu ayamba kukolola maolivi, maukonde atayalidwa pansi pa mitengo, mathirakitala akupita kumakina oyengera mafuta.

Julayi ndi Ogasiti apeweni ngati n'kotheka. Nthawi yomwe kwathu timavala majuzi, kuno kumatentha ngati ku Chikwawa mu Okutobala, madigiri 35 mpaka 40. Ngati tchuthi chanu chagwera miyezi imeneyi, nyamukani kukangocha, mukhale mutabwerera nthawi isanakwane 12 koloko, ndipo munthu aliyense atenge madzi malita awiri kapena kuposa. Pakati pa masiteshoni palibe golosale. Kuyambira pa 1 Juni mpaka pa 15 Okutobala n'koletsedwa kukoleza moto m'tchire la ku Andalucía, ngakhale wowotchera nyama.

Mvula imagwa m'nyengo yozizira. Ikagwa yambiri dothi limagumukira panjira ndipo zigawo zina zimatsekedwa, choncho funsani ku Fundación ngati njira yonse ili yotsegula.

Ndili ndi ana aang'ono, ndipo mayi anga sakwera njinga. Tingasangalale?

Mungasangalale. Makilomita oyamba kuchoka pasiteshoni ya Olvera ndi osalala, ali ndi mapanga angapo aafupi motsatizana, ndipo munthu atha kuyenda pansi ola limodzi n'kubwerera atakhutira. Pasiteshonipo pali malo odyera ndi ogona, kuphatikizapo tinyumba tomangidwa mofanizira mabogi a sitima, tomwe ana amatikonda kwambiri. M'tauni mwenimwenimo ndi momwe akuluakulu angavutike, chifukwa misewu ndi yokwera ndipo ina ndi yamasitepe.

M'tauni ya Olvera muli chiyani choona?

Yambirani pansi n'kumakwera pang'onopang'ono kudzera mumsewu wa Calzada mpaka pabwalo la tchalitchi. Tchalitchi cha Nuestra Señora de la Encarnación, cha nsanja ziwiri, chinamangidwa pakati pa 1823 ndi 1843 ndi chuma cha banja la mafumu a ku Osuna, omwe anali eni dera lino. N'chachikulu kuposa mmene mungayembekezere m'tauni ya anthu 8,000.

Pambali pake, pathanthwe, pali linga lomwe Asilamu anamanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100. Mfumu Alfonso XI ya ku Castilla inalanda Olvera mu 1327, ndipo kwa zaka zoposa 150 zotsatira tauniyi inali pamalire enieni pakati pa Akhristu ndi ufumu wa Asilamu wa Granada. Mukakwera masitepe opapatiza mpaka pamwamba pa nsanja mumvetsa chifukwa chake analimanga pamenepa: mumaona linga la Pruna kumpoto ndi mapiri a Grazalema kummwera, moti alonda ankatha kupatsana chizindikiro ndi utsi kapena moto. Matikiti amagulitsidwa ku La Cilla, nyumba yomwe kale inali nkhokwe ya tirigu ya mafumu aja, ndipo tsopano muli ofesi ya alendo ndi malo osungiramo mbiri ya moyo wa pamalirepo. Kuseri kwake kuli Barrio de la Villa, chigawo chakale kwambiri, cha tinjira tokhotakhota.

Tsinde la lingali lili ndi manda a tauniyi, oyera ngati nyumba za amoyo, maluwa ali pakhoma lililonse. Mutha kulowa, koma mwaulemu, chifukwa anthu amabwera kudzaona abale awo tsiku ndi tsiku. Mwendo ukadali ndi mphamvu, kwerani Peñón del Sagrado Corazón, thanthwe lomwe linasandutsidwa munda wa maluwa, dzuwa likamapendeka.

Pali chikondwerero chomwe ndingakonzere ulendo wanga?

Lunes de Quasimodo, Lolemba lachiwiri pambuyo pa Pasaka. Mu 1715 kunali chilala, anthu anapemphera kwa Namwali wa Los Remedios, mvula inagwa, ndipo kuyambira pamenepo chaka chilichonse tauni yonse imapita ku kachisi wake, makilomita awiri kunja kwa tauni, kukathokoza. Mabanja amayala pansi pa maolivi n'kudyera limodzi, ndipo chakudya cha tsikuli ndi hornazo, buledi wophikidwa ndi dzira lathunthu. Anthu amene moyo wawo umadalira mvula sangavutike kumvetsa mwambo umenewu. Kumapeto kwa Ogasiti kumakhalanso Feria de San Agustín, yomwe inayamba ngati msika wa ziweto.

Nanga malo ena apafupi?

Setenil de las Bodegas ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 15, kudzera ku Torre Alháquime. Kumeneko mtsinje unasema thanthwe n'kusiya denga lamwala, ndipo anthu anangomanga khoma lakutsogolo, thanthwelo n'kukhala denga la nyumba. M'misewu ya Cuevas del Sol ndi Cuevas de la Sombra mumamwa khofi mwala wa matani ambirimbiri uli pamutu panu. Pitani pakati pa sabata, m'mawa. Loweruka masana kumakhala anthu ochita kupondana.

Zahara de la Sierra ili pamwamba pa damu lamadzi obiriwira, pakhomo pa malo otetezedwa a Sierra de Grazalema, omwe bungwe la UNESCO linawazindikira mu 1977. Mapiri amenewa ndi oyamba kukumana ndi mitambo yochokera ku nyanja ya Atlantic, ndiye mudzi wa Grazalema umalandira mvula pafupifupi mamilimita 2,000 pachaka, kuposa madera ambiri a kumpoto kwa Spain. Mvula imeneyi ndi yomwe yasunga nkhalango ya pinsapo, mtengo wa mtundu wa paini wosapezeka mwachilengedwe kwina kulikonse ku Ulaya kupatula m'mapiri ochepa a Cádiz ndi Málaga. Kuyenda m'nkhalangoyi, kutsikira m'chigwa chakuya cha Garganta Verde, kapena kukwera El Torreón, phiri lalitali kwambiri m'chigawo cha Cádiz, zonsezi zimafuna chilolezo chochokera kwa oyang'anira malowa, ndipo m'miyezi ya moto wolusa njira zina zimatsekedwa. Anthu ololedwa patsiku ndi owerengeka, choncho pemphani nthawi ikadalipo.

Ku Algodonales, tsinde la phiri la Líjar, kumabwera anthu ochokera ku Ulaya konse kudzauluka ndi maparachuti, pogwiritsa ntchito mpweya womwewo umene umanyamula miimba. Ronda, ya mlatho wotchuka wa Puente Nuevo womwe unatha kumangidwa mu 1793, ndi ulendo wosakwana ola pagalimoto.

Ine ndimafuna zitunda zenizeni, osati njira yosalala. Ndipite kuti?

Puerto de las Palomas, msewu wokhotakhota wochoka ku Zahara kukafika ku Grazalema. Ndi chikweza cha makilomita oposa 10 chopanda popumira, chokafika pamwamba pa mamita 1,100. Potsika samalani ndi mbuzi ndi timiyala ta m'makona.

Chakudya chake n'chotani?

Vuto loyamba si chakudyacho koma nthawi yake. Nkhomaliro imayamba cha m'ma 2 koloko, mgonero cha m'ma 9 usiku, ndipo masitolo ambiri amatseka kuyambira 2 mpaka 5 koloko masana. Wapanjinga wobwera ndi njala 6 koloko madzulo amapeza khitchini yotseka. Gulanitu buledi, tchizi ndi zipatso m'mawa.

Kadzutsa wa kuno ndi mollete, buledi wofewa wowotcha, wothira mafuta a maolivi ndi tomato wogaya. Mafutawo ali ndi chizindikiro chotetezedwa cha Sierra de Cádiz, ndipo abwino amawawa pang'ono pakhosi. Si kuti awonongeka, ndiye ubwino wake. Lawani sopas pegás, chakudya cha alimi chopangidwa ndi buledi wogona, adyo, mafuta ndi katsitsumzukwa wakuthengo, komanso tchizi cha mbuzi za mtundu wa payoya za m'mapiri a Grazalema. Masana a pakati pa sabata funsani menú del día, chakudya chathunthu pamtengo umodzi wotsikirapo.

Amene sadya nkhumba akhale tcheru. Nyamayi imalowa m'zakudya zambiri, ngakhale mu nyemba, mu supu ndi m'makeke ena ophikidwa ndi mafuta ake. Nenani kuti sin cerdo, sin jamón, ndipo mufunsenso kachiwiri.

Pamafunika viza?

Spain ili m'gulu la mayiko a Schengen. Amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa amafunika viza ya Schengen, ngakhale atakhala ndi chilolezo chokhalira ku Britain. Pofunsira amafuna umboni wa kogona, tikiti yobwerera ndi inshulansi ya zaumoyo yosachepera mayuro 30,000. Okhala ndi pasipoti ya Britain amalowa popanda viza kwa masiku 90 pa masiku 180 alionse. M'chilimwe cha ku Ulaya nthawi ya ku Spain imafanana ndendende ndi ya ku Malawi, koma dzuwa la mu Juni limalowa 9 koloko itapitirira kale.

Ndikhale masiku angati?

Mausiku atatu. Tsiku lofika likhale la tauni ndi linga. Lachiwiri lonse lipatseni njinga ndi miimba, osaliphatikiza ndi china chilichonse. Lachitatu pitani ku Setenil m'mawa, ku Zahara madzulo. Amene akufuna nkhalango ya pinsapo awonjezere tsiku lina. Posankha kogona, funsani ngati galimoto imafika pakhomo komanso ngati pali posungira njinga, chifukwa nyumba zokongola za kufupi ndi linga zili m'tinjira momwe sutikesi imanyamulidwa pamanja.

Chitandichitikira china panjira, nditani?

Nambala yangozi ndi 112, yaulere, ndipo imagwira pafoni iliyonse. M'mapanga ndi m'zigwa zina netiweki imasowa, ndiye uzani a komwe mukugona kumene mwalowera ndi nthawi yomwe mubwerere. M'mbali mwa njira muli zikwangwani za makilomita ndipo mapanga ali ndi manambala kapena maina; muzisunga m'mutu chomaliza chomwe mwadutsa, chifukwa ndi chimene okuthandizani adzafunse. Chingelezi sichimveka kwambiri kumidzi kuno, choncho lembanitu papepala dzina la malo ogona ndi nambala ya amene anakubwereketsani njinga.